Zitsulo Zogona pa Shelefu

1. Kaofesi ka kuseri

Sitolo ya Azakhali inkagulitsa masipeya a mainjini ndi mapampu opopera madzi. Kutsogolo kunali kauntala, pomwe amakaniki ankatsamira podikira katundu. Kuseri kunali chinyumba chachitali chodzaza ndi mashelefu achitsulo ofika pafupi ndi denga. Kumapeto kwa mashelefuwo kunali kaofesi kopanda zenera, ndipo mmenemo ndi mmene Magalasi ankagwiriramo ntchito.

Dzinali anamupatsa ndi anyamata onyamula katundu tsiku lomwe anafika, chifukwa cha magalasi ake aakulu amene ankangotsetsereka pamphuno. Pamaso pake ankamutchula kuti achemwali. Akangopotoloka ankanong'onezana kuti, "Magalasi wadutsa."

Magalasi anali mwana wa achimwene awo a Azakhali. Atamaliza maphunziro a zamakompyuta ku koleji anasakasaka ntchito osaipeza, mpaka Azakhali anamuitana kuti adzathandize pasitolopo. Anasiya mayi ake ndi azing'ono ake kutali, nabwera mumzinda umene sankadziwamo munthu.

Antchito sanamulandire ndi manja awiri. Kunamveka mphekesera yoti kompyuta ikakhazikika, ena adzachotsedwa ntchito. Nthawi ya chakudya chamasana ikakwana iwo ankakhala pamabokosi panja n'kumaseka mokweza, koma Magalasi akangotulukira, nkhani inkazima ngati moto wothiridwa madzi. Posakhalitsa anazolowera kudyera m'kaofesi kake atayang'ana khoma.

Ntchito yaikulu imene Azakhali anamupatsa inali imodzi.

"Mwanawe, sitolo ino yakula kuposa mutu wanga," anatero Azakhali. "Kale ndinkadziwa pamene pali kabawuti kalikonse. Lero kasitomala akaimba foni, a Kapitawo amangozungulira m'mashelefu ngati nkhuku yosowa poikira, uku mayunitsi a mwini wake akutha. Utipezere pulogalamu ya pakompyuta yoti izitiuza katundu amene tili naye, amene watha ndi amene tiyenera kuoda. Wapita kusukulu ya zimenezi ndiwe. Imene usankhe, ine ndidzavomera."

2. Wailesi

Anthu angapo anabwera kudzatsatsa mapulogalamu awo. Mmodzi anali bambo wofatsa wa kakampani kakang'ono. Pulogalamu yake inalibe zokongoletsa. Inkangoonetsa pamene sipeya ili, n'kumalola mwini sitolo kusankha yekha zinthu zimene siziyenera kutha pa shelefu. Inkathanso kuyankha makaniki pafoni ngati sipeya ilipo kapena ayi. Magalasi anaiona kuti ndi yachikale, ndipo sanaiganizirenso.

Tsiku lina m'mawa, akupukuta fumbi pakompyuta, anamva mawu akubwera pakati pa mashelefu.

"Ndiye anakubisa kuno ngati sipeya yakale? Ndikanakhala wamantha ndikanabwerera panjira!"

Anali Wailesi, mnzake amene ankagona naye chipinda chimodzi ku koleji. Dzinali analipeza chifukwa akayamba kulankhula panalibe pozimitsira. Tsopano ankagwira ntchito kukampani yaikulu yogulitsa mapulogalamu, ndipo abwana ake anamutuma pasitolopo osadziwa kuti akakumana ndi mnzake.

Atsikana awiriwo anakumbatirana. Anakumbutsana za mphunzitsi wina amene ankagona m'kalasi mwake momwe, ndipo Magalasi anaseka mpaka kuvula magalasi kuti apukute misozi. A Kapitawo, amene ankayang'anira nyumba ya katundu, anasuzumira pakhomo n'kubwerera kwa anyamata awo.

"Kani mano ali nawo," anatero a Kapitawo.

Wailesi anatsegula kompyuta yake n'kuonetsa pulogalamuyo. Inali yokongola zedi. Katundu ankaoneka m'mizere yamitundu iwiri.

"Zobiriwirazi ndi zinthu zoyenda, zongobwera n'kutuluka," anatero Wailesi. "Zofiirazi ndi zogona. Katundu wogona pa shelefu ndi mdani wa bizinesi, amangodya malo. Pulogalamuyi imakuuza yokha kuti ichi oda, ichi chisiye. Masitolo akuluakulu ogulitsa sopo ndi shuga onse akuyendera imeneyi."

"Koma ife sitigulitsa sopo," anatero Magalasi.

"Katundu ndi katundu, mnzanga. Kompyuta sinunkhiza." Wailesi anamugwira paphewa. "Iyeseni kaye ulere. Mukasaina, wosamalira sitolo ino ndidzakhala ine. Ndizidzabwera pafupipafupi. Udzatope nane."

Kuyambira pamenepo Wailesi ankabwera kawirikawiri kudzathandiza kulowetsa mayina a katundu m'kompyuta. Masana ankatuluka limodzi kukadya pakalesitilanti ka pakona. Kwa nthawi yoyamba chibwerere mumzindamo, Magalasi ankayenda mumsewu ali ndi wolankhula naye.

3. Oda yoonda

Masipeya ambiri a pasitolopo ankachokera kukampani ina yaikulu yoitanitsa katundu kunja. Ena ankabwera msanga, koma ena, makamaka a mapampu akale, ankatenga nthawi yaitali panjira.

Nthawi yotumiza oda itakwana, Azakhali anali chigonere kunyumba ndi chifuwa. Anaimba foni mawu atasasa.

"Konza odayo utumize, mwanawe. Ndikukudalira."

Magalasi anatsegula pulogalamu ya Wailesi ija. Pafupifupi theka la katundu wa m'sitolomo linali lofiira. Pulogalamuyo inalemba yokha oda yaifupi, yodzaza ndi malamba, mafyuluta ndi mapulagi, zinthu zotuluka tsiku ndi tsiku. Zofiira zonse inazisiya.

A Kapitawo ataiona odayo anakanda m'mutu.

"Achemwali, odayi yaonda bwanji? Ikudwala? Mphira za mapampu akale aja sindikuzionapo."

"Pulogalamu ikuti siziyenda," anayankha Magalasi osacheuka.

"Nanga Azakhali anu mwawafunsa?"

"Akudwala. Ntchitoyi anapatsa ine."

A Kapitawo anakweza mapewa. "Chabwino. Ife ndife onyamula chabe."

Magalasi anatumiza odayo.

Poyamba zinthu zinaoneka kuti zikuyenda. Katundu amene anabwera ankatuluka msanga. M'mashelefu munayamba kuoneka malo, ndipo anyamata ankasesa mosavuta. Wailesi anajambula chithunzi cha mashelefuwo n'kutumizira abwana ake. Azakhali atachira anaona kuti pakauntala mzere ukufupika, ndipo anamwetulira. Za zimene zinachotsedwa pa oda sanauzidwe.

4. A Sipanala

Panali makaniki wina wachikulire amene aliyense ankamutchula kuti a Sipanala, chifukwa sankayenda opanda sipanala m'thumba la malaya. Ankakhala kutali, ndipo ankakonza mapampu a m'masukulu ndi m'minda ya kwawoko.

Tsiku lina a Sipanala anafika dzuwa lili paliwombo, thupi lonse lili mbuu ndi fumbi. Anatulutsa kansalu m'thumba n'kukamasula pakauntala. Munali kamphira kozungulira, kothetheka, kong'ambika mbali imodzi.

"Mayi, ndipatseni inzake ya iyi ndizipita," anauza Azakhali. "Ndi ya pampu ya kusukulu ya atsikana ogonera konko. Pampu yaima. Ana akutunga madzi kumtsinje ndi zidebe, mayeso ali pakhomo. Zimbudzi atseka. Aphunzitsi aakulu akuti madzi akapanda kubwera msanga, awatumiza ana kwawo."

Azakhali anatembenuza kamphirako m'manja. "Izi timakhala nazo. A Kapitawo, tatengani."

"Ndinadziwa," anatero a Sipanala uku akupukuta thukuta. "Panjira ndadutsa masitolo ambirimbiri osaima. Ndimati ndivutikirenji, pamene kwa mayi ndikaipeza."

A Kapitawo anapita kuseri. Anachedwako. Pobwera ananyamula kabokosi n'kukaika pakauntala. Munalibe kanthu.

"Yomaliza inagulidwa posachedwapa," anatero chamunsi.

"Nanga zatsopano? Si zinali pa oda?"

A Kapitawo anangoyang'ana kumene kunaima Magalasi, amene anali atatuluka m'kaofesi atamva phokosolo.

"Sindinaziike pa oda, Azakhali," anatero Magalasi. "Pulogalamu inati ndi zogona."

Azakhali anatenga foni n'kuimbira kukampani yoitanitsa katundu ija. Kumeneko anati mphira zotere sasunga, amaitanitsa pokhapokha wina akaoda, ndipo zikanafika mayeso atatha kale.

A Sipanala anakulunganso kamphira kawo pang'onopang'ono. Sanakalipe.

"Mayi, zaka zonsezi pakhomo pano sindinachokepo chimanjamanja," anatero. "Tsopano ana aja ndikawauze chiyani?"

"Pitani mukawauze aphunzitsi kuti adikire pang'ono asanabalalitse ana," anayankha Azakhali. "Mphirayo ndikaisaka ndekha."

A Sipanala anatuluka akugwedeza mutu. Anyamata onyamula katundu anabalalika aliyense kuyang'ana kwake. Palibe amene analankhula ndi Magalasi, ngakhale kumuseka.

5. Mawu a Azakhali

Makasitomala atachepa, Azakhali anaitana Magalasi. Sanapite naye ku ofesi. Anamutengera pakati pa mashelefu, kumene kunali mabokosi akale a fumbi.

"Pulogalamu yakoyo imazitcha chiyani izi?" anafunsa.

"Zogona."

"Sinaname. Zimagonadi." Azakhali anakhala pa kasitulu. "Khala pansi, mwana wa achimwene, ndikuuze za sitolo ino. Ndinayenera kukuuza tsiku lomwe unafika, koma ndinangokupatsa mpando osakuuza kumene galimoto ikulowera.

"Mumsewu uno wokha muli masitolo angati ogulitsa malamba ndi mapulagi? Iwe wawaona. Ena amagulitsa motchipa kuposa ife, chifukwa amagula zochuluka nthawi imodzi. Ine mpikisano umenewo sindingauthe, ndipo sindinaufunepo. Pamene ndinkayamba ndinadzifunsa kuti, munthu adzadutsirenji masitolo onsewo n'kubwera kwa ine? Yankho linali limodzi. Adzabwera chifukwa chimene chasowa kwina konse, kuno chidzapezeka, ndipo chidzapezeka tsiku lomwelo.

"Pampu siuza munthu tsiku limene ithyoke. Ikathyoka, mlimi sadikira, mbewu zimauma. Sukulu sidikira. Chipatala sichidikira. Ndiye ife timasunga chitsulo chaka chathunthu, mwina kuposa, kudikira tsiku limodzi limenelo. Wobwera tsiku limenelo sayiwala. Mawa akafuna lamba wamba amabweranso kuno, ngakhale akudziwa kuti kutsidyako n'kotchipa. Zitsulo zogonazi ndi zimene zimagulitsa zoyendazo.

"Wogulitsa sopo nzeru yake ndi ina. Iye amafuna katundu azithamanga, ndipo sopo wamtundu wina akatha, kasitomala amatenga wamtundu wina. Akaoda lero, mawa wafika. Pulogalamu ya mnzakoyo inapangidwira munthu ameneyo, ndipo kwa iye ndi yabwino kwambiri. Sindikuinyoza. Koma nsapato ikhoza kukongola pawindo la sitolo, n'kukutupitsa matuza ukaivala.

"Usaganize kuti ndikudana ndi kompyuta. Ndinakuitana ndine. Popanda kompyuta sitolo ino idzagwa, zimenezo ndikuzidziwa. Koma tamvera, mwanawe. Makina sasankhira munthu kopita. Umayamba wadziwa kuti bizinesi yako imapambana ndi chiyani, kenako n'kusaka makina amene angakulitse chimenecho. Ukayamba ndi makina, udzapezeka ukudula phazi kuti likwane mu nsapato. Funsa mafunso atatu kwa aliyense wobwera ndi pulogalamu. Kodi ikudziwa chimene makasitomala athu amabwerera kuno? Kodi ikudziwa kutalika kwa njira imene katundu wathu amayenda? Nanga ikasiyana maganizo ndi ife, womvera mnzake ndani?"

Magalasi anali atazolika, misozi ikugwera pamagalasi.

"Azakhali, musankhe ndinu. Ine ndalephera."

"Ayi. Ndinati usankhe ndiwe, ndipo mawu anga sindibweza. Mwana akagwa pophunzira njinga sumulanda njingayo." Azakhali anaimirira akugwira bondo. "Mawa m'mawa ndikwera basi. Kumzinda wina kuli mkulu amene ankagulitsa mapampu amenewa kalekale, mwina m'mabokosi mwake mwatsala kanthu. Ndamva kuti mnzako akubwera mawa ndi mapepala oti tisaine. Ukumana naye wekha."

Atayenda pang'ono anacheuka.

"China n'chakuti ndakhala ndikukuona. Chibwerere mtsikana uja wayamba kuseka, ndipo ine zimandikondweretsa. Kukhala wekha n'kowawa, ndikudziwa. Koma usagule chinthu chifukwa wogulitsayo amakuseketsa."

6. Mapepala

M'mawa mwake Azakhali ananyamuka sitolo isanatsegulidwe. Magalasi analowa m'kaofesi kake n'kutsegula mndandanda wa zofiira zija. Ulendo uno sanayang'ane mtundu. Anayang'ana amene anagula zinthuzo komaliza. Anapeza sukulu, kachipatala kena, alimi a ndiwo zamasamba ndi nyumba ya ana amasiye.

Kenako anaimbira bambo wofatsa wa kakampani kakang'ono uja n'kumufunsa mafunso a Azakhali. Bamboyo anayankha mosathamanga. Anati pulogalamu yake siiganizira mwini sitolo, imangomukumbutsa. Mwini sitolo akaiuza kuti mphira yakuti isathe, ndiponso kuti imachedwa panjira, iyo imachenjeza nthawi ikadalipo. Anavomeranso kuti ilibe zithunzi zokongola, ndipo ntchito yoiuza zonsezo ndi yaikulu.

"Ntchitoyo ndiigwira," anatero Magalasi.

Wailesi anafika chakumasana atavala diresi latsopano, mapepala ali m'manja.

"Lero ndi lero, mnzanga! Tikasaina tikadye kwabwino, wolipira ndine. Abwana anga akuti ndikatseka mgwirizano uwu andilemba ntchito yokhazikika. Nkhope yagwa chifukwa chiyani? Kwagwa zovuta?"

Magalasi anamufotokozera za a Sipanala, za pampu ndi za atsikana otunga madzi kumtsinje. Wailesi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Pepa," anatero. "Koma zimenezo zimachitika poyamba. Kasitomala mmodzi sangagwetse sitolo."

"Ndikufuna ndikufunse. Kodi pulogalamuyi tingaiuze kuti zinthu zina, ngakhale zigone, isazichotse pa oda?"

"Ukhoza kumazibwezerapo wekha, chimodzichimodzi, nthawi iliyonse yooda. Koma izingokuvutitsa ndi machenjezo. Inapangidwa kuti izichepetsa katundu."

"Nanga ikhoza kudziwa kuti mphira imachedwa panjira kuposa lamba?"

"Imayembekezera kuti katundu amabwera msanga. Makasitomala athu ambiri ndi otero."

"Nanga makaniki ali kutali angafunse pafoni ngati sipeya ilipo?"

"Zimenezo ayi. Koma tamvera," Wailesi anakokera mpando pafupi. "Vuto si pulogalamu. Vuto ndi kayendetsedwe ka sitolo ino. Auze Azakhali ako asinthe. Ataye zitsulo zakalezi, azigulitsa zoyenda zokhazokha ngati anzawo onse. Dziko lapita kumeneko."

"Akatero adzakhala ngati anzawo onse," anatero Magalasi. "Ndiye munthu adzabwereranji kuno?"

Wailesi anamuyang'ana. "Ukufuna kunena chiyani?"

Magalasi anakankhira mapepalawo kwa mwini wake.

"Sindisaina. Pulogalamu yanu ndi yabwino, koma si ya sitolo ino. Nditenga ya kakampani kakang'ono kaja."

"Ya bambo aja? Yooneka ngati ya m'nthawi ya agogo?" Wailesi anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. "Ukunena zoona? Ine ndataya nthawi yanga yonse m'fumbi muno, kulowetsa mayina a mabawuti mpaka zala kuwawa. Abwana ndawauza kale kuti zatheka. Ndikawayang'ana bwanji?"

"Ndikudziwa. Ndilembera abwana ako kuwauza kuti iwe ntchito unagwira bwino, wolakwa ndine amene sindinafunse poyamba."

"Kalata yakoyo ndidya?" Wailesi anaimirira n'kusonkhanitsa mapepala. Maso ake anali atafiira. "Ndimayesa ndiwe mnzanga. Ku koleji utadwala, ankakutengera chakudya ndani?"

"Unali iwe. Sindinaiwale. Pa china chilichonse ndikhoza kukuthandiza, koma sitolo si yanga yoti ndibwezere nayo zabwino."

"Khala ndi zitsulo zakozo. Zizikuseketsa."

Nsapato zake zinamveka kugogoda pakati pa mashelefu mpaka phokosolo linazimirira. Magalasi anatsala ali chikhalire. Nthawi ya chakudya inakwana, ndipo panja panamveka anyamata akukoka mabokosi awo. Iye anatsegula kabokosi kake ka chakudya, n'kukatsekanso osadya.

Analemba uthenga pafoni wopepesa Wailesi. Uthengawo unaonetsa kuti wawerengedwa. Yankho silinabwere.

Patapita nthawi a Kapitawo anaima pakhomo la kaofesiko. Zikuoneka kuti zonse anazimva, chifukwa khoma lake linali lamatabwa.

"Achemwali, ndamva kuti makina atsopanowo amafuna kuuzidwa zinthu zosayenera kutha."

"Eya, a Kapitawo. Ndekha sindingathe. Ndikupempha mundithandize, inu ndi anyamata. Palibe amene achotsedwe ntchito, makinawo popanda inu ndi bokosi chabe."

A Kapitawo anakweza mapewa.

"Tiona mawa," anatero, n'kubwerera panja. Sanamuitane kuti akadye nawo.

7. Foni ya pakauntala

Chakumadzulo Azakhali anatumiza uthenga waufupi. Mkulu uja anali atasamukira kumudzi wina wakutali, ndipo iwo anali m'galimoto kumulondola. Anati kumeneko foni sizigwira bwino, asadabwe akapanda kuwapeza.

Magalasi anauza bambo wofatsa uja kuti abwere m'mawa adzayambe ntchito. Kenako anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta mabokosi a pa shelefu yakale, uku akuwerenga mayina a zinthu zimene anali asanazigwirepo.

Anyamata akutsitsa zitseko, foni ya pakauntala inalira. A Kapitawo anayankha, n'kumvetsera, kenako anaitana.

"Achemwali, akufuna mwini sitolo. Ndawauza kuti lero mwini sitolo ndinu."

Magalasi anatenga foniyo. Anali mayi wa kukampani yoitanitsa katundu kunja ija, kumene kunkachokera masipeya awo ambiri.

"Tikudziwitsa makasitomala athu onse za kusintha kumene kukubwera," anatero mayiyo mwaulemu. "Kuyambira mwezi wamawa sitizilandiranso maoda a pafoni kapena a papepala. Tagula pulogalamu yatsopano, ndipo sitolo iliyonse yofuna katundu kwa ife iyenera kulumikizana nayo. Amene sadzalumikizana, tidzawachotsa pa makasitomala athu."

"Pulogalamu yake iti?" anafunsa Magalasi.

Mayiyo anatchula dzina. Inali yomwe ija ya mizere yobiriwira ndi yofiira.

"Musadandaule," anapitiriza mayiyo. "Kampaniyo ili ndi mtsikana wina wochangamuka amene akuyendera masitolo a kudera lanulo. Ndikupatseni nambala yake?"

"Nambalayo ndili nayo," anatero Magalasi.

Anaika foni pansi n'kuimbira Azakhali. Foni yawo sinkapezeka. Anayesanso, koma zinali chimodzimodzi.

A Kapitawo anali ataima pachitseko chomaliza, loko ali m'manja.

"Achemwali, akuti chiyani? Titseke?"

Magalasi anakankhira magalasi ake m'mwamba. Pafoni yake, dzina la Wailesi linali pamwamba penipeni, pamodzi ndi uthenga wosayankhidwa uja.

"Dikirani kaye, a Kapitawo," anatero. "Musatseke."